Chitini cha Tiyi Chimene Chidapengetsa Ankhoswe Anga

1

Akonzi, ena akamakulemberani nkhani zotere amapempha kuti muwabisire dzina. Ine musavutike nane. Kuyambira pa siteshoni ya komboyo, sitima ya pamtunda, ku Entre Lagos mpaka kumadooko a nyanja ya Chiuta, palibe amene sadziwa kuti Fadili ndi mnyamata uja adapengetsa amalume ake tsiku lokamufunsira mbeta. Chimene ambiri sadziwa ndi mmene zidayambira, ndipo ndikufuna muzimvere kwa mwini wake, osati kwa amayi a pachitsime amene amathira mchere wambiri.

Ndidamaliza kwarta kilasi, kalasi yachinayi ya sikola ya Apwitikizi, m'chaka cha 1971, ndevu zitayamba kale kusuzumira. Apurufesoro, aphunzitsi athu, adati dzanja langa polemba n'lokongola ngati la mzungu, ndipo ine ndidamva ngati anena kuti ofesi ya ku Nampula ikundidikira. Ofesiyo sidatumize munthu. Choncho ndinkakhala pa siteshoni, pansi pa mtengo wa mango, kulembera makalata anthu ogwira ntchito ya njanji. Munthu ankati, “Lembani kuti mkazi wanga asagulitse mbuzi,” ine n'kulemba kuti, “Nyenyezi ya mtima wanga, ngakhale mbuzi zathu zikulira dzina lako.” Mabanja awiri adalimba chifukwa cha ine. Mbuzi zokha n'zimene zinkagulitsidwabe.

Ndinkavala magalasi akuda tsiku lonse. Anthu ankati ndi matama a kusikola. Magalasi amenewo muwasunge m'mutu, tiwapeza kutsogoloku.

Ndiye padali Mastura. Ankabwera masiku a komboyo ndi lichero la matemba pamutu, akuyenda ngati dziko lonse ndi mkeka wa amayi ake. Ndidamulembera makalata khumi ndi imodzi m'Chipwitikizi, onse osapereka, poti iye adaphunzira ku madarasa ndipo ankawerenga zilembo za Chiarabu zokha. Ngakhale moni ndidali ndisadamupatsepo. Akamadutsa, lilime langa lija lodziwa za nyenyezi linkangogona m'kamwa ngati nsomba yakufa.

Tsiku lina Lachitatu, dzuwa likuswa mtengo, ndidamupeza ataima yekha m'mbali mwa kanjira ka kuchitsime, kuseri kwa nyumba ya amalume ake, Che Athumani. Adaima njo, woonda, wamtali kuposa mmene ndinkamuonera pa siteshoni, mpango wobiriwira ukuuluka pamutu pake. Kumene kudachokera kulimba mtima sindikudziwa. Ndidagwada, n'kumulakatulira makalata onse aja pamtima, kuyambira yoyamba mpaka yotsiriza. Sadathawe. Sadaseke. Adangogwedeza mutu pang'onopang'ono, kenaka adati:

“A Fadili, mukuchedweranji? Tumizani amalume anu Loweruka.”

2

Kwathu kuno mnyamata sadzifunsira yekha. Amapita ndi amalume, ndipo mawu a amalume ndiwo ukwati. Anga ndi Che Bwanausi, msodzi wa ku Chiuta, munthu wosaphonya swala kumzikiti ndipo wosatayapo kanthu chibadwire. Anthu amati ndodo ya machesi amaing'amba pawiri, theka lina n'kusungira mawa.

M'mawa mwake ndidapalasa njinga kukawapeza akusoka ukonde.

“Ukwatira ndi chiyani, iwe?” adandifunsa osadzutsa mutu. “Mkaziyo azikadya magalasi?”

“Amalume, chikondi sichidikira.”

“Nsomba imadikiridwa, mvula imadikiridwa, chikondi chokha ndiye cha changu? Wayankhula naye mwanayo?”

“Wavomera ndi pakamwa pake.”

“Ndi pakamwa pake! Mwana wa kwa Che Athumani? Dziko latha ndithu.”

Amene adawagonjetsa ndi mayi anga, mlongo wawo. “Achimwene, m'perekezeni,” adatero madzulo ake amalume atabwera kudzadandaula. “Akapita kuchikamwini, apongozi akamugwiritsa khasu. Mwina nzeru zibwerera kudzera m'matuza.”

Loweruka m'mawa adafika atavala kanzu yoyera imene imatuluka pa Idi pokha, kofia ili pendeke. Mayi adawakumbutsa kuti kwa eni mbumba sapita chimanjamanja, adzere pa kantina agule shuga ndi masamba a tiyi.

“Shuga ndatenga kunyumba,” adayankha akusisita kamtokoma kakang'ono ngati dzira la nkhunda. “Za masambazo ndiona.”

Ine ndidachoka, chifukwa mwini nkhani saonekera tsiku lotere. Ndidapita pansi pa mango wanga kukasankha maina a ana.

3

Ndidadikira mpaka ndidamva ngati ndakalamba, koma nditayang'ana koloko ya pa siteshoni idali isadakwane ngakhale leveni. Ndidabwerera kunyumba kuti ndikapeze kanthu kokhazika mtima pansi. Ndidakwera pampando, n'kupisa dzanja kudenga, pamwamba pa mphasa yanga. Ndidagwira mwaye wokhawokha.

“Mayi, chitini changa chija?”

“Chofiira, chojambula sitima ya pamadzi? Atenga amalume ako. Akuti n'kugulirenji masamba pa kantina pamene mwana wabisa chitini chodzaza kudenga. Iwenso, kubisa tiyi m'nyumba ya mayi ako ngati mlendo!”

Apa ndiye ndiyenera kuulula choyamba. M'chitinimo mudali tiyi, inde, koma wongophimbira. Pali chomera china chimamera kudzala ndi m'makola akale, maluwa ake oyera ngati lipenga, zipatso zake zaminga ngati kanungu. Mbuzi, imene imadya ngakhale sopo, chimenechi imachilambalala. Ife ophunzira sitidachilambalale. Adandionetsa ndi Masudi, mnzanga wa pa njanji amene adakakhalako ku Nacala n'kubwerako ndi nzeru za amalinyero.

“Iwe Fadili, vuto lako n'kudikira,” adandiuza. “Lipengali limafupikitsa njira. Ukamwa, mawa limabwera lero.”

Ulendo woyamba kummero kudauma ngati ndameza phulusa, ndipo ndidadzidzimuka ndili m'munda wa chinangwa wa eni ake, nsapato imodzi palibe. Ulendo wachiwiri ndidadziona ndili mu ofesi, tayi ali pakhosi, mzungu akundiimirira kundipatsa moni. Munthu ukaona zotere, nsapato n'chiyani? Choipa chake chidali maso. Ndikamwa, mwana wa diso ankakula n'kukhala choncho masiku angapo, dzuwa linkandibaya ngati singano, zilembo zinkasambira papepala. Matama a magalasi aja adali amenewa.

Ndidaumitsa masamba ndi njere zake, n'kuzisakaniza ndi tiyi kuti mayi akachipeza asadabwe. Ndipo sadadabwedi.

Ndidalumpha pampando, n'kuliyatsa liwiro.

4

Zimene zidachitika ndisadafike ndidazimva pambuyo pake kwa amayi ake a Mastura, amene amazifotokoza bwino kwambiri tsopano, poti azifotokoza kambirimbiri.

Mwambo wathu mukuudziwa. Mphatso ya mlendo imaphikidwa pomwepo, ndipo amaphika ndi mtsikana amene akufunsiridwayo, kuti ankhoswe aone manja ake. Mastura adawiritsa madzi, adatapa masamba mosaumira monga mwana woleredwa bwino, adagwada, adapereka makapu kwa akuluakulu awiri aja pamkeka, n'kubwerera kukhitchini. Mtsikana samwa ndi amuna.

Tiyi uja adali wowawa ngati ndulu. Amalume anga adaganiza: mwanayu sadziwa kuphika, koma nkhoswe sanyoza manja a mbeta tsiku loyamba. Che Athumani adaganiza: woumira uyu watibweretsera masamba owola, koma mwini nyumba sanyoza mphatso. Onse awiri adayang'anana, n'kumwetulira.

“Tiyi ameneyu, Che Bwanausi!”

“Manja, Che Athumani, manja!”

Che Athumani adalekera kapu imodzi. Koma amalume ataona kuti shuga wawo ndi masamba awo zitsala kwa eni, adamwa makapu anayi kuti abwezeko pang'ono.

Amalume ali pakati pa kapu yachiwiri, Che Athumani adaitanitsa Mastura kuti amufunse monga mwa mwambo. “Mwanawe, Fadili mwana wa mlongo wa akuluwa ukumudziwa?”

“Sindimudziwa.”

Akuluakulu adagwedeza mitu mokhutira. Mtsikana wa ulemu amayankha choncho.

Pamene ndinkalowa pabwalo, khamu lidali litasonkhana kale. Amalume adali khale pafumbi, kanzu ya pa Idi ili uko, akusoka ukonde umene panalibe. Zala zinkayenda mwaluso, mano ankaluma ulusi wa mphepo. Nthawi ndi nthawi ankatola matemba m'mwamba n'kumaponya m'kofia. Khungu lawo lidali louma gwa, lotentha ngati chiwaya, popanda ngakhale dontho la thukuta, milomo ikumatirirana. Ankapempha madzi ndi mawu osasa, kenaka n'kutembenukira kumbali kukakangana ndi amayi awo amene adamwalira ine ndili kukhanda.

“Amayi, nkhuku ija sindidabe ndine! Idalowa yokha m'bwato!”

Anthu ankaseka atagwira pakamwa. Koma Che Athumani adali atakwera pamtondo, akulankhula ndi tonde wawo amene adamangidwa pankhokwe.

“Bwana shefi,” ankatero akuwerama mwaulemu, “msonkho tapereka. Mseu talima. Ana athu mwawatenga usilikali. Tingofunsa nawo, kodi kwanuko kulibe ntchito yoti mukagwire?”

Tonde adayankha kuti mee. Kuseka konse kudazima, chifukwa kumbuyo kwa khamu kudaima sipayo, msilikali wa ku posto, ofesi ya boma ya shefi wa Chipwitikizi, ndipo tidangoona njinga yake ikutimula fumbi.

Aliyense adasanduka sing'anga. Mayi wina adati ndi malungo aakulu, n'kuwafunditsa amalume mabulangete awiri. Wina adabwera ndi mkaka kuti awathire m'kamwa mokakamiza. Amwalimu a ku madarasa adati ndi majini, n'kuyamba kulemba mawu a pemphero pambale yoyera. Ine ndekha ndidadziwa dzina la jini limeneli. Ndidalowa kukhitchini mwakachetechete, ndidachipeza chitini pafupi ndi mafuwa, n'kuchilowetsa m'malaya.

Jipe itafika, ashefi a posto adatsika, mzungu wonenepa wa ndevu zapamlomo, n'kufunsa funso limodzi lokha: waphika ndani? Sipayo adamanga Mastura manja ndi chingwe cha tonde yemwe uja. Podutsa pafupi nane Mastura sadandiyang'ane n'komwe. Mumtima ndidati: taonani mkazi, akubisa chikondi chathu ngakhale pa chingwe.

5

Kachipatala kathu n'ka zipinda ziwiri, denga la malata. Dokotala amabwera mvula ikalola. Amene amatisunga ndi infirimeru, namwino wathu, a Waziri, bambo wamfupi wosakonda mawu ambiri. Ine adandilola kulowa monga mbale wa wodwala. Mastura adamumangirira pa nsanamira ya khonde, padzuwa.

A Waziri atangoona mabulangete aja adawakoka n'kuwaponya pakona. “Mukufuna kuwaphika? Nyowetsani nsalu, muwapukute thupi lonse. Iwe, tenga lichero uziwakupiza. Tsekani mawindo, kuwala kukuwazunza. Mkakawo tulukani nawo, munthu wosokonezeka mutu simumukakamiza kumwa, atsamwa afe. Ndipo pasakhale wokuwa muno.”

Adagwira pamkono amalume akuyang'ana wotchi, n'kupukusa mutu. Adawaunika m'maso ndi tochi: diso lonse lidali lakuda bii ngati chitsime. Adakanikiza pachinena, amalume n'kubuula, poti chikhodzodzo chidali chitadzaza koma mkodzo osatuluka. Che Athumani, a kapu imodzi aja, adali atayamba kufatsa, akungong'ung'udza za msonkho. Koma amalume ankatenthera tenthera, miyendo ikudzuka yokha.

Ashefi adalowa osagogoda. Asadakhale shefi adagwirapo ntchito ya thonje, choncho kwa iwo matenda onse a padziko ankachokera ku thonje. Ankalankhula Chipwitikizi, ndipo kwa nthawi yoyamba kwarta kilasi yanga idagwira ntchito: ndidamva zonse.

“Nkhani yaoneka kale. Mtsikanayu watumidwa ndi anthu a m'tchire, wathira mankhwala ophera mbozi za thonje. Baya atropina, ndidaona pachikwangwani.”

“Bwana shefi,” adatero a Waziri maso ali pansi, “wakumwa mankhwala a thonje amatuluka dovu ndi thukuta, mwana wa diso amachepa ngati njere ya mawere. Awa ndi ouma, maso ali tong'o. Atropina ndi mbale wake wa chimene amwachi. Ndikawabaya, ndathira parafini pamoto.”

“Nanga amwa chiyani?”

“Ndikuganizira chomera china. Mankhwala ake ndili nawo timabotolo titatu, koma ndi aukali. Ngati ndalakwitsa, aimitsa mtima. Ndiyenera kutsimikiza kaye.”

“Ukuganizira! Boma siliganizira, boma limadziwa.”

“Ilipo njira yakale, bwana. Timatenga dontho la mkodzo wa wodwala n'kudonthezera m'diso la mphaka. Mwana wa diso akakula, ndiye kuti ndi chomeracho. Kungoti mphaka wapafupi, wosathawa anthu, ndi wa adona kunyumba kwanu.”

Sindidaonepo mzungu akusintha mtundu msanga chotero.

“Mkodzo wa msodzi m'diso la Mimi? Mphaka ameneyo adabwera pa ndege kuchokera ku Lisboa! Ali ndi mapepala ambiri kuposa iwe!” Adavula wotchi n'kuiika patebulo. “Mphindi zisanu. Ukapanda kubaya, ndibaya ndekha, ndipo iwe ukwera jipe limodzi ndi mtsikanayo mpaka kundende ku Vila Cabral.”

A Waziri adangopitiriza kufinya nsalu. Ine ndinkakupiza lichero, chitini chikundiwotcha pamimba ngati khala lamoto. Ndinkadziuza kuti mwina achira okha, monga ndinkachirira ine m'minda ya chinangwa. Ndinkadziuza kuti ndikaulula, ukwati watha, ofesi ya ku Nampula yatha, ndipo ku posto kuli mbalamatodya, thabwa lija la zibowo limene amamenyera m'manja. Mphindi ziwiri zidapita ndikuwerengera zimenezi. Yachitatu ashefi adatsekula okha kabati ya mankhwala.

Pamenepo amalume adatambasula dzanja, n'kugwira malaya anga. Sankandiona ine wa magalasi. Ankaona kamwana kamene adakaphunzitsa kupalasa bwato.

“Fadili, mwanawe,” adanong'ona, “gwiritsa chingwe. Usaope, amalume ako ali pompano.”

Ndidaika lichero pansi. Ndidavula magalasi.

“A infirimeru, mphaka musamufune. Onani maso anga.”

Adandiunika ndi tochi. Adaunikanso amalume. Adabwereranso kwa ine.

“Liti?”

“Masiku atatu apitawo.”

Ndidatulutsa chitini. Adakhuthulira pambale yoyera, n'kusanthula ndi chala mpaka adapatula tinjere taphanthiphanthi, tooneka ngati impso za mbewa. Adationetsa ashefi, n'kutchula dzina lake la Chipwitikizi, limene m'chinenero chathu lingakhale mkuyu wa kumoto. Ashefi adabweza kabotolo ka atropina m'kabati mwakachetechete ngati munthu amene amangoona nawo.

“Ndikadakhala ndi nthawi ndikadakumenya,” adandiuza a Waziri. “Gwira miyendo ya amalume ako.”

6

Zimene ndidaona masana amenewo zidandichotsa ndakatulo zonse m'mutu. A Waziri adati chomerachi chimagonetsa matumbo, choncho zambiri zimene amalume adamwa zidali zikadali m'mimba. Adalowetsa paipi ya mphira, n'kutsuka mpaka makapu anayi aja adabwerera m'beseni, shuga ndi zonse. Kudzera m'paipi yomweyo adathira makala a kuchipatala osungunula, akuti amagwira poizoni wotsala. Adalowetsanso kapaipi kena kumene sindingatchule m'magazini, ndipo mkodzo udatuluka wodzaza chidebe. Kenaka adathyola kabotolo kamodzi mwa titatu tija, fizositigimina, n'kubaya mumtsempha pang'onopang'ono ngati munthu wothira mafuta otsiriza munyali, chala chili pamkono, maso pa wotchi ya ashefi imene idaiwalika patebulo.

Patapita kanthawi zala za amalume zidasiya kusoka. Maso adakhazikika. Adayang'ana denga, adayang'ana ine, adadziyang'ana okha.

“Kanzu yanga ili kuti?”

Ndidalira ngati mwana.

“Ukuliranji? Akana?” Adanyambita milomo. “Ngati akana, shuga wotsala uja atibwezere.”

Ndidayesa zatha, koma ola lisadakwane adayambanso kutola matemba m'mwamba. A Waziri adati mankhwalawo amatha msanga kuposa poizoni, ndipo adabayanso. Tidakupiza ndi kunyowetsa nsalu masiku awiri. Che Athumani adachira ndi makala, nsalu yonyowa ndi chipinda chabata, ndipo mpaka lero amakana kuti adakwerapo pamtondo. Amalume adatha sabata osatha kulowetsa ulusi pasingano.

Tsiku lachiwiri a Waziri adandiitanira pakhonde. “Iwe unkati ukudziwa muyeso, eti? Chomera chimenechi chilibe muyeso. Cha pa dzala ili chikuseketsa, cha pa dzala ilo chikuika m'manda. Chaka chatha adandibweretsera mnyamata wa njanji atamutola padzuwa, thupi ngati ng'anjo. Anzake adabisa chimene adamwa mpaka adatsirizika. Chitini chija ukadabwera nacho m'manja, osati m'malaya, amalume ako sakadafika pamene adafikapo.”

Ashefi adalemba lipoti lakuti mwa tcheru chawo adatulukira chomera choopsa m'dera lawo. Za mawu a Che Athumani sadalembe, chifukwa akadayenera kulembanso kuti anthu a m'dera lawo sasiyanitsa shefi ndi tonde. Masudi adakwera komboyo ya ku Malawi osatsanzika. Ine adandipatsa mbalamatodya makumi awiri dzanja lililonse, ndi mwezi wathunthu wozula chomeracho kuzungulira posto. Ndidazula kudzala, ndidazula kumakola. Chitsamba chachikulu kuposa zonse chidali m'dimba la maluwa la adona, pafupi ndi pamene Mimi amawothera dzuwa. Chimenecho adandiletsa kuchikhudza. Akuti chimanunkhira bwino madzulo.

7

Mastura adamumasula tsiku lomwe lija. Ine ndidalimba mtima patatha sabata, manja akadali ngati mikate. Ndidamudikira pa kanjira ka kuchitsime, pamalo pathu paja. Adabwera ndi ndowa pamutu.

“Mastura, ndikhululukire. Ndikudziwa kuti ndalakwa. Koma lonjezo lako lija, ine ndikadalisungabe.”

Adaima. Adatula ndowa pansi mosafulumira.

“Lonjezo liti?”

“La Lachitatu lija. Pano pomwe. Udati nditumize amalume.”

Adandiyang'ana nthawi yaitali, monga mmene a Waziri adayang'anira tinjere tija.

“A Fadili, Lachitatu limenelo ine ndidali ku Chiuta kukagula matemba. Ine ndi inu tikuyankhulana koyamba lero.”

“Koma udaima apa! Udavala mpango wobiriwira!”

Adaloza ndi mlomo kumbuyo kwanga. “Amayi a pachitsime adakuonani. Akuti mudagwada ola lathunthu, Chipwitikizi chili thothotho.”

Ndidatembenuka. M'mbali mwa kanjira mudaima mtengo wa papaya, woonda, wamtali, masamba obiriwira akugwedezeka pamutu pake pang'onopang'ono. Masiku atatu kuchokera Loweruka kubwerera m'mbuyo ndi Lachitatu. A kwarta kilasi masamu amenewo ndidali ndisadawachite.

Ndidayesa kuseka kuti naye aseke. Sadaseke. Adatambasula manja, n'kundionetsa mikwingwirima ya chingwe.

“Adandifunsa, ndidati sindikudziwani. Palibe adandimvera. Adandimanga inu mukuona, chitini chili m'malaya. Adandikhazika padzuwa, inu muli chete. Mudatsekula pakamwa pamene amalume anu adatsala pang'ono kufa. Anu. Akadakhala kuti adamwa kapu imodzi ngati anga, bwenzi ine ndili ku Vila Cabral.” Adasenza ndowa yake. “Papaya ameneyo ngoleza mtima. Mukwatireni.”

Adanena zoona. Mbalamatodya idapola m'masabata atatu, koma mawu amenewo sadapolebe.

Tsono inu owerenga, makamaka anzanga amene mudamaliza sikola n'kupeza kuti dziko silidakonzeke kukulandirani: ndikudziwa mmene kudikira kumawawira. Akadzabwera wina ndi tsamba, njere kapena kam'bulu ka mankhwala n'kukuuzani kuti mawa libwera lero, mufunseni kuti nsapato yake inayo ili kuti. Ndipo mukadzaona munthu watentha thupi koma thukuta palibe, maso ali tong'o, akutola zinthu m'mwamba ndi kucheza ndi akufa, musamufunditse, musamumwetse kanthu mokakamiza, musayambe ndi mlandu wa majini. Mukhazikeni pamthunzi, munyowetseni, thamangani naye kuchipatala, ndipo chimene wamwacho chitsogole m'manja mwanu. Wodziwa anene msanga. Ine ndidachedwa mphindi zitatu ndi theka la tsiku, ndipo zidalipidwa ndi anthu ena.

Magalasi ndidasiya. Ndimalembabe makalata pansi pa mango, koma munthu akati mbuzi, ndimalemba mbuzi. Mastura amadutsa masiku a komboyo, ndimamupatsa moni, ndipo nthawi zina amayankha. Akayankha ndimafunsa amene ndakhala naye pafupi ngati nayenso wamva.

Amalume adalumbira kuti sadzandiimiriranso unkhoswe pokhapokha mtsikanayo atavomera pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidamwe tiyi. Koma sadanditaye. Dzulo adatuma munthu kuchokera ku Chiuta ndi uthenga: amva kuti mtengo uja wabereka mapapaya asanu ndi awiri, ndipo akufunsa kuti ndipita liti kukaona ana.